Power BI, Tableau, Looker Studio ndi Metabase: muyambe mwawerenga anthu amene aziona lipoti

Kuyambira pamene bungwe lathu linasintha njira yopangira malipoti, anzanga amene amagwira ntchito yolondoloza ndi kuunika mapulojekiti m'mabungwe ena akhala akundifunsa funso limodzimodzi, ena pa foni, ena tikakumana kumisonkhano ku Lilongwe. Amafuna kudziwa kuti pa Power BI, Tableau, Looker Studio ndi Metabase, mapulogalamu osandutsa deta kukhala malipoti a pa kompyuta, asankhepo iti. Ndaona kuti ndi bwino ndilembe yankho langa lonse kamodzi, chifukwa kuyankha mwachidule pa foni kumasiya mbali imene inatipweteka ife. Sinditaya nthawi pa zoti pulogalamu iti imajambula magalafu kapena mapu, popeza zonse zinayi zimachita zimenezo, ndipo wogulitsa aliyense adzakuonetsani zimenezo mphindi zisanu zisanathe.

Chapakati pa chaka cha 2023, kampani ina ya akatswiri a zamakompyuta, imene sinditchula dzina, inabwera ku ofesi kwathu kudzationetsa dashboard, tsamba loonetsa manambala ndi magalafu pamodzi, yopangidwa ndi Power BI. Inali yokongola zedi. Munthu ukadina boma limodzi pa mapu, manambala onse a tsambalo ankasintha nthawi yomweyo, ndipo abwana athu, amene kwa zaka zambiri ankadikira masabata awiri kuti alandire lipoti la miyezi itatu, anakhutira tsiku lomwelo. Pa kotesheni panalembedwa malipiro a akatswiriwo ndi malayisensi awiri okha, yanga ndi ya mnzanga wothandizana naye. Titafunsa za oyang'anira ntchito m'maboma ndi akuluakulu a nthambi, anthu 23 amene ankayenera kumaona malipotiwo, tinayankhidwa kuti Power BI ndi yaulere. Ntchito itatha aliyense anatumiziridwa linki, aliyense anatsegula bwinobwino, ndipo tinalipira gawo lomaliza la ndalama zawo. Patatha miyezi iwiri mafoni anayamba kulira kuchokera m'maboma kuti lipoti likukana kutseguka ndipo likufuna layisensi. Apa m'pamene tinazindikira kuti anzathu onse aja analowetsedwa pa nthawi yoyeserera ya masiku 60, ndipo nthawiyo inali itatha.

Ndifotokoze bwino lamulo lake, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Power BI Desktop, pulogalamu imene mumaika pa kompyuta n'kumapangira malipoti, ndi yauleredi. Koma mukafuna kugawana lipotilo ndi anzanu kudzera pa intaneti mwa njira yotetezeka, wotumiza ndi wolandira yemwe ayenera kukhala ndi layisensi yolipira yotchedwa Pro, ngakhale wolandirayo atakhala kuti amangoyang'ana kamodzi pa mwezi osasintha kanthu. Njira yopewera zimenezi ndi kugula malo aakulu pa Microsoft Fabric, nsanja ya deta ya pa intaneti ya Microsoft, kuyambira pa mlingo wa F64 kupita m'mwamba, pamene owerenga wamba safunikanso layisensi yolipira, koma mtengo wake ndi madola masauzande angapo mwezi uliwonse, ndalama zimene bungwe la msinkhu wathu silingaziganizire n'komwe. Microsoft, mwini wake wa Power BI, inalemba zonsezi poyera, choncho sindingaidandaule. Amene ndimawaimba mlandu ndi akatswiri aja, chifukwa ankadziwa chiwerengero cha anthu athu, ankadziwanso lamuloli, koma anasankha kukhala chete kuti kotesheni yawo ioneke yotsika kuposa ya anzawo.

Tsono tiyeni tiwerengere limodzi. Nthawi imeneyo layisensi ya Pro inali madola 10 pa munthu pa mwezi, ndiye anthu 25 ndi madola 3,000 pa chaka. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 n'kufika pafupifupi K1,700, ndipo madola 3,000 omwewo anachoka pa K3.5 miliyoni n'kupitirira K5 miliyoni, m'bajeti imene opereka thandizo anali atavomereza kale popanda mzere umenewu. Kuyambira mu Epulo 2025 mtengo wa Pro unakwera kufika madola 14, kutanthauza madola 4,200 pa chaka kwa anthu omwewo. Kuonjezera apo, aliyense amene anayesapo kulipira chinthu kunja kwa dziko m'zaka zimenezi akudziwa kuti kukhala ndi makwacha mu akaunti si kukhala ndi madola, ndipo layisensi siidikira kuti pempho lanu la ndalama zakunja livomerezedwe. Ichi ndicho chifukwa chake ndimauza aliyense kuti mtengo wa pulogalamu yotere sudalira kuchuluka kwa anthu opanga malipoti, amene nthawi zambiri amakhala awiri kapena atatu, koma kuchuluka kwa owerenga.

Titadandaula, akatswiri aja anatiuza kuti tigwiritse ntchito njira yotchedwa Publish to web, imene ndi yosalipiritsa owerenga. Chimene sananene n'chakuti njira imeneyi imaika lipoti poyera kwa munthu aliyense pa intaneti, popanda kufunsa dzina kapena pasiwedi. Malipoti athu anali ndi mayina a midzi, zaka za anthu opindula ndi thandizo komanso zina zokhudza umoyo wawo. Ndinakana, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa ndikaganiza kuti katswiri angapereke uphungu wotere kwa bungwe losunga zinsinsi za anthu osauka amene anatikhulupirira. Masiku ano nkhaniyi si ya chikumbumtima chokha, popeza dziko lathu lili ndi lamulo loteteza deta ya anthu la 2024, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira.

Ngakhale zinatero, sindinaleke kuikonda Power BI Desktop, ndipo ndikuvomereza kuti chikondi chimenechi chimakhudza chigamulo changa. Chimene chimandigwira mtima ndi gawo lake lotchedwa Power Query. Amene mumatolera deta ndi KoboToolbox kapena ODK mukudziwa mmene fayilo imatulukira: dzina la mudzi umodzi lolembedwa m'njira zinayi, masiku osakanikirana, mayankho a funso limodzi atamwazikana m'mizati khumi. Mu Power Query mumakonza zimenezi kamodzi, pulogalamuyo imasunga ndondomeko yonse imene mwatsata, ndipo mwezi wotsatira mukaikamo fayilo yatsopano imadzikonzera yokha. Ntchito imene inkanditengera masiku atatu mu Excel tsopano imatha m'mawa umodzi. Imagwiranso ntchito popanda intaneti ngati deta ili pa kompyuta yanu, chinthu chofunika kwambiri kwa ife amene timapezeka kumudzi netiweki ikuvuta. Zovuta zake zilipo. Chinenero chake chowerengetsera, DAX, chimaoneka ngati mafomula a Excel poyamba koma chimafuna miyezi kuti uchimvetse, pulogalamuyo imayenda pa Windows pokha, ndipo ngati deta yanu ili pa kompyuta ya mu ofesi, lipoti la pa intaneti limadalira kapulogalamu kotchedwa gateway kamene kamafuna kuti kompyutayo ikhale yoyaka nthawi yokonzanso manambala. Magetsi akathima usiku, m'mawa abwana amaona manambala a dzana. Ngati bungwe lanu limalipira kale Microsoft 365 ya mlingo wa E5, layisensi ya Pro ili momwemo, ndipo mabungwe osapanga phindu ali ndi mitengo yawoyawo yotsikirapo, choncho mufufuze zimenezi musanaitaye Power BI.

Za Tableau ndinena zochepa, chifukwa tinaiyesa kwa masabata awiri okha. Pa kukongola kwa magalafu ndi kufewa kwa kusanthula deta pongokoka ndi kuponya, palibe mwa zinayizi imene imaiposa, ndipo imayenda pa Mac pomwe. Inayamba mu 2003 kuchokera ku kafukufuku wa pa yunivesite ya Stanford, ndipo Salesforce inaigula mu 2019 pa mtengo wa madola 15.7 biliyoni, zimene zikusonyeza mtundu wa makasitomala amene imawafuna. Pamene tinkaona mitengo, wopanga malipoti ankalipira madola 75 pa mwezi ndipo wongoyang'ana madola 15, zolipiriratu chaka chonse. Kwa banki kapena kampani ya mafoni ndalama zimenezi si nkhani, koma kwa ife zinatseka zokambirana. Tableau Public ndi yaulere ndipo ndi yabwino pophunzirira, koma chilichonse chimene mwaika pa tsamba lake chimaoneka kwa dziko lonse.

Looker Studio, imene kale inkatchedwa Google Data Studio mpaka mu 2022, ndiyo imayankha mwachindunji vuto limene linatigwera, chifukwa mungathe kugawana lipoti ndi anthu 5 kapena 200 popanda kulipira aliyense, monga momwe mumagawira chikalata cha Google Docs, ndipo mumasankha amene angatsegule. Kwa bungwe laling'ono limene deta yake ili kale mu Google Sheets, iyi ndiyo ndimayamba kuitchula. Komabe, pali chikomekome cha mkuyu pamenepa. Imagwira ntchito pa intaneti pokha, ndiye netiweki ikagwa simungathe ngakhale kusintha mutu wa galafu. Mizere ya mu Sheets ikachuluka, tsamba limachedwa kutseguka mpaka munthu wa ku boma amene akugwiritsa ntchito bandulo ya m'thumba mwake amangolitseka. Kukonza deta yosokonekera mkati mwake n'kovuta, moti mumayenera kuyeretsa zonse musanazilowetse, ndipo mukafuna kuphatikiza matebulo, malire ake ndi asanu. Zolumikizira zambiri zopita ku mapulogalamu amene si a Google zimapangidwa ndi makampani ena ndipo n'zolipira mwezi ndi mwezi, m'madola momwemo.

Ife tinathera pa Metabase. Iyi ndi pulogalamu imene mtundu wake waulere aliyense angautenge n'kuuika pa seva yake, ndipo owerenga angachuluke bwanji palibe layisensi ya munthu mmodzimmodzi. Tinasamutsira deta yathu mu nkhokwe ya PostgreSQL, tinalumikiza Metabase, ndipo anthu 23 aja anapatsidwa aliyense dzina ndi pasiwedi yake. Chimene sindinayembekezere n'chakuti oyang'anira m'maboma anayamba kudzifunsira okha mafunso, chifukwa pulogalamuyi imalola munthu wosadziwa SQL, chinenero chofunsira deta mu nkhokwe, kusankha tebulo, kusefa ndi kuwerengetsa pongodina. Mayi wina woyang'anira ntchito yathu m'boma lina la kumwera anadzipezera yekha midzi imene sinatumize malipoti kwa miyezi iwiri, ntchito imene kale ankanditumizira ine pa imelo n'kudikira sabata. Magalafu ake ndi wamba poyerekeza ndi a Tableau, ndipo sindingakunamizeni kuti amasangalatsa alendo a kunja akabwera kudzayendera pulojekiti.

Koma ndisakhale ngati akatswiri aja pobisa mtengo. Metabase ndi yaulere pa layisensi, osati pa ntchito. Pamafunika seva, kaya ya mu ofesi yokhala ndi mabatire kapena sola, kaya yobwereka pa intaneti imene imalipiridwanso m'madola ngakhale ochepa. Pamafunika munthu wodziwa kuiika, kuikonza ikatuluka yatsopano ndi kusunga makope a deta pena. Ikangoikidwa kumene imasunga mafunso ndi ma dashboard anu m'kankhokwe kake kotchedwa H2, kamene eni ake amachenjeza kuti musakadalire pa ntchito yeniyeni, ndipo amene sanamve chenjezoli akhoza kutaya ntchito ya miyezi tsiku limodzi. Njira yoti munthu wa boma lililonse aziona mizere ya boma lake lokha pa tebulo limodzi ili mu mtundu wolipira, ndiye ife tinachita kupanga matebulo osiyana a boma lililonse, ntchito yotopetsa koma yotheka. Ilibenso chofanana ndi Power Query, kotero deta iyenera kufika itakonzedwa kale. Apache Superset ndi ya mtundu womwewu ndipo ili ndi mphamvu zambiri, koma kuiika ndi kuisamalira kumafuna katswiri woposa amene tili naye. Anzanga a zaumoyo ndiwakumbutsenso kuti DHIS2, pulogalamu yosonkhanitsira deta ya zaumoyo imene Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa ntchito, ili kale ndi ma dashboard ake, ndipo nthawi zina chimene mukufuna kugula muli nacho kale.

Mmene timagwirira ntchito panopa ndi motere: ine ndimayeretsa ndi kusanthula deta mu Power BI Desktop popanda kulipira kanthu, lipoti la opereka thandizo ndimalitulutsa ngati PDF, ndipo manambala a tsiku ndi tsiku a m'maboma amaoneka mu Metabase. Kwa amene muli ndi owerenga osapitirira asanu ndipo muli ndi njira yodalirika yolipirira m'madola, Power BI Pro ndi yabwino ndipo musaiope. Kwa amene mulibe munthu wa zamakompyuta ndipo deta yanu ndi yochepa komanso yosakhudza zinsinsi zazikulu za anthu, yambani ndi Looker Studio. Nkhawa imene ndili nayo pa chisankho chathu ndi yakuti seva yonse imadalira mnyamata mmodzi wa mu ofesi ya zamakompyuta, amene mgwirizano wake wa ntchito umatha limodzi ndi pulojekiti, ndipo n'chifukwa chake mwezi uno tayamba kulemba ndondomeko yonse ya kasamalidwe ka sevayo ndi kuphunzitsa munthu wachiwiri.