Loja ya ku Tete yomwe inandipezera mitu ya .318 ya malume

Mfuti yomwe ndimasakira ndinaitenga kwa malume anga, alongo awo a mayi. Iwowa anakalambira m'tchire la ku Mágoè akulondola mapazi a nyama pa kampani ina ya alenje, kuyambira zaka zimene ntchito yosamalira zachilengedwe ya Tchuma Tchato inkayamba kumene, cha mu 1994. Mzungu wina wa ku Zimbabwe amene ankayenda naye ndiye anawasiyira mfutiyi popuma ntchito. Maso atayamba kuchita nkhungu, malume anandiitanitsa ku Ulongwe, tinapita limodzi ku polisi kukasintha mapepala, ndipo kuyambira pamenepo lisensa imatuluka m'dzina langa. Pamwamba pa mpope panalembedwa .318, mtundu wa zipolopolo zake. Anandipatsiranso kumodzi zipolopolo 14 za kampani ya Kynoch, m'timabokosi tachikasu ta zilembo zofiira tomwe tinali titafewa ngati tsamba la fodya.

Zipolopolo zimenezo ndi zomwe zinandiyendetsa ulendo wonsewu. Chaka chatha ku Chifunde ndinalunjika nguluwe, kukoka, mfuti n'kungoti khe! Ndikuti ndiitsitse paphewa, inadzalira yokha. Za nguluwe sindinadandaule. Chimene chinandisowetsa tulo n'choti mwana wa achimwene anga anali ataima pambali panga penipeni. Zotsalazo ndinazitsekera m'bokosi, sindinaikenso m'mfuti ngakhale chimodzi.

Ndinafunsa ku Ulongwe, ndinatuma achibale ku Dedza ndi ku Lilongwe, koma yankho linali limodzi: .30-06 ilipo, .308 ilipo, .375 ipezeka, za shotigani ya 12 ndiye mbwee, koma .318 ambiri anali asanaimvepo. Mnzanga wina wa ku Furancungo ndiye anandiuza za loja (sitolo) ya mfuti ya mu mzinda wa Tete yomwe kumbuyo kwake kuli mmisiri wodzaza zipolopolo. Dzina lake sindilemba pano, alenje a lisensa akuidziwa. Ndinakwera chapa (minibasi) m'mamawa, kudzera pa Mussacama ndi Moatize, n'kuoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel dzuwa litafika kale paliwombo. Munthu wochoka kozizira kwathu ku Angónia, kutentha kwa ku Tete kumamulandira ngati walowa m'uvuni wa njerwa. Ndinapeza atseka, ndipo ndinadikira pamthunzi mpaka 2 koloko. Amene mukuchokera kutali dziwiranitu zimenezi.

Lojayo ndi yaing'ono. Pakhomo pali chitseko cha zitsulo, ndipo usanayambe kulankhula za malonda amayamba akuona lisensa ndi chitupa chako. Zimenezo zinandikhazika mtima pansi. Amene anandilandira ndi mnyamata waulemu ndithu, ndipo nditatchula .318 anasangalala, kulowa mkati, n'kutuluka ndi kabokosi ka mitu ya zipolopolo kolembedwa .318 momveka bwino. Ine mtima unali utagunda kale ndi chimwemwe, dzanja lili m'thumba.

Apo m'pamene anatulukira mwini wake, bambo wa imvi amene onse amangomutchula kuti a Mestre. Chichewa amalankhula chosakaniza ndi Chinyungwe, koma timamvana. Anati, "Bambo a ku Angónia, tandionetsani kaye mfutiyo." Atawerenga pa mpope anatenga kabokosi kaja n'kukabweza pa shelefu, osanena kanthu kwa mnyamata uja pamaso panga. Kenaka anatenga chipolopolo chimodzi cha Kynoch chomwe ndinabweretsa, kuzula mutu wake, n'kuupima ndi kachipangizo kopimira kotchedwa micrómetro. Anandionetsa: 8.38 mm. Anapimanso mutu wa m'kabokosi kaja: 8.08 mm.

Apa ndipamene ndinaphunzira chinthu chimene malume, ngakhale anaisenza mfutiyi zaka zonsezo, sankachidziwa. Mkati mwa mpope muli ngati munda wolimidwa, muli mizere ndi makwawa ake, zopota kuyambira kumbuyo mpaka kukamwa. Kampani ya Westley Richards ya ku Birmingham, potulutsa chipolopolochi nkhondo ya 1914 isanayambe, inachitcha dzina popima kuchokera pamwamba pa mzere kufika pamwamba pa mzere unzake, ndiye .318 ya inchi imeneyo. Koma mutu uyenera kudzaza mpaka pansi pa makwawa, ndiye kukula kwake kwenikweni ndi .330. Mitu yolembedwa .318 ija ndi ya mfuti ina, 8x57 yakale ya Ajeremani ya mu 1888, asanaikulitse kufika .323 cha mu 1905. Ukaika mutu wochepa chotero m'mfuti ngati yanga, mpweya wa onga umadutsa m'mbali, mutu sugwira mizere, umapita ukugubuduzika, ndipo nyama umangoivulaza n'kukafera kutali. Wa .323 nawonso ndi wochepa. Wa .338, umene umapezeka mosavuta, ndi waukulu, ndipo a Mestre anati kuukakamiza m'mpope wakale n'kuputa ngozi pankhope pako pomwe. Alipo amene amaufinya kuti uchepe kufika .330, koma iwo anakana, akuti chikopa cha mkuwa ndi mtovu wa mkati sizibwerera mofanana zikafinyidwa, ndipo sangandipatse chinthu chimene iwo eni sangasakire.

Sanakhulupirirenso ngakhale zolembedwa pa mpope. Anatenga kachidutswa ka mtovu wofewa, kukapaka mafuta, n'kukakankha ndi ndodo kuchokera kukamwa mpaka kutulukira kumbuyo. Katatuluka kanali ndi zipsera za mizere yonse, ndipo atakapima kanagwirizana ndi .330 ija. Anayang'ana mkati ndi kagetsi, nati mpope wada pang'ono chifukwa cha fulminante (tinthu ta pansi pa chipolopolo toyatsa onga) zakale zija zomwe zimasiya mchere, koma mizere idakali yakuthwa. Ntchito yonseyi inatenga pafupifupi ola lathunthu ndipo sanandilipiritse kanthu. Nditafunsa anati ndalama tikambirana mitu ikapezeka.

Kupezeka kwake ndiye kunali nkhani. Mutu umene mfutiyi inapangidwira ndi wautali, wolemera 250 grains, omwe ndi magalamu 16 ndi pang'ono, ndipo opanga mitu ya .330 yolemera chotere ndi owerengeka padziko lonse. Odziwika kwambiri ndi Woodleigh a ku Australia, amene fakitale yawo inapsa ndi moto mu Novembala 2021, ndipo kuyambira pamenepo aliyense amene anali ndi kabokosi anakagwira zolimba. A Mestre anati ayesa kudzera kwa anzawo a ku Joni, ndipo pakadali pano aitanitsa mitu ya Prvi Partizan ya ku Serbia yopangira 8x56R, mfuti yakale ya asilikali a ku Austria ndi Hungary, yomwe kukula kwake n'kofanana koma ndi yopepukirapo, 208 grains. Mapepala onse olowetsera katunduyo m'dziko anayendetsa okha.

Apa ndiye ndinene chimene sichinandisangalatse, chifukwa chilipo. Anandiuza kuti ndidikire mwezi umodzi kapena iwiri. Yopepuka ija inafikadi patatha miyezi iwiri, koma ya 250 inatenga miyezi isanu, ndipo m'miyezi yonseyo sanandiimbirepo foni ngakhale kamodzi. Ukaimba wekha, foni imalira mpaka kuduka. Uthenga wa pa WhatsApp umawerengedwa, yankho n'kubwera patatha sabata. Ndinali nditasiya theka la ndalama, ndipo risiti yake inangolembedwa pamanja popanda mtengo wonse. Ulendo wina ndinachita kupita ndekha, makilomita oposa 200, kukangomva kuti katundu adakali m'njira. Munthu wolima mbatata ngati ine, tsiku limenelo ndi la kumunda lomwe latayika, osanena za ndalama ya chapa. Mtengo nawonso si wamasewera: mitu 100 ya Woodleigh pamodzi ndi ntchito yodzaza zinadya ndalama yomwe ndikadagulira feteleza wa munda wonse wa kudimba. Mayi a kunyumba anandifunsa kawiri ngati nyamayo idzakhala ya golide.

Zigoba za Kynoch zija sanazigwiritse ntchito. Anandionetsa pansi pake kuti zili ndi timabowo tiwiri, mtundu wa Berdan, ndipo fulminante zake n'zosowa, komanso mkuwa wa zaka zoposa 50 umang'ambika pakhosi. M'malo mwake anatenga zigoba zatsopano za .30-06, kuzikulitsa kukamwa, kuziumba mu chikombole cha .318 n'kuzidula pang'ono kuti zifupike. Chimene chinandigwira mtima n'choti anaganizira ngakhale zomwe ine sindikanaziganiza. Pansi pa zigobazo pamakhalabe polembedwa 30-06, ndiye wina akhoza kuziika m'mfuti yolakwika, kapena wapolisi pamsewu akhoza kudabwa poona kuti sizikugwirizana ndi lisensa. Anapaka utoto wofiira pansi pa chilichonse, kulemba pa bokosi, ndiponso anandilembera kalata ya chidindo cha loja yofotokoza zimenezi m'Chipwitikizi. Kalatayo imakhala m'chikwama chimodzi ndi lisensa. Muyeso wa onga sanandiuze ndipo sindinaufunse. Uli m'kope lawo, pa tsamba lomwe analembapo nambala ya mfuti yanga.

Tinakayesa limodzi Loweruka m'mawa kunja kwa mzinda. Yopepuka ija inkagwera pamwamba pa pomwe ndalunjika, chifukwa zoloza za mfutiyi anazisulira mutu wolemera. Ya 250, pa mamita 100, zitatu zinagwera pamodzi moti chikhatho changa chinaziphimba zonse, ndipo mabowo ake anali ozungulira bwino, osati opingasa. A Mestre ankatola chigoba chilichonse, kuchitembenuza, kuyang'ana fulminante ndi pakhosi, kenaka n'kundilola kuomba china.

Kwa amene muli ndi .30-06 kapena .375, lojayi ilibe chachilendo, ndipo kusayankha foni kwawo kukhoza kukutopetsani. Koma anzanga a ku Tsangano, Macanga ndi Marávia amene mukusunga mfuti zakale za makolo, kaya 9.5x57, kaya 10.75x68, kaya Vergueiro ya 6.5x58 yomwe sinasinthidwe, pitani nayo mfuti yeniyeniyo pamodzi ndi mapepala ake ndi chipolopolo chimodzi chakale, ndipo muumirire kuonana ndi a Mestre eni ake, osati kuthera pa kauntala. Muwauze akulembereni mtengo wonse pa risiti tsiku lomwelo, ndipo muyambe msanga nyengo yosaka isanatsegulidwe.

Ine ndinatenga zipolopolo 40, mitu yotsala ili m'kabati mwawo ndi dzina langa. Mu Ogasiti ndinabwereranso ku Chifunde ndi chilolezo cha ngoma imodzi, ndipo inagwa ndi chipolopolo chimodzi, osathamanga n'komwe mpaka kumtsinje. Mwendo wakumbuyo ndinapita nawo kwa malume. Iwo anapempha chigoba chopsacho, kuchisisita ndi chala, kuchinunkhiza, n'kundifunsa chifukwa chake sichikununkha ngati za Kynoch. Ndinawafotokozera za onga watsopano, ndi za mizere ndi makwawa, mpaka nsima inazizira. Chigobacho anakana kundibwezera, ndiye kwa a Mestre ndibweza 39.