Kalasi ya Loweruka yolemba zimangirizo ku Kalongwezi: nyenyezi zinayi, yachisanu yatsala ku Thandwe

Ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani. Ngati munadutsapo cha ku Kapata kuno ku Chipata n'kuona mutu wometedwa bwino pakhoma la babashopu, kapena nkhuku yonenepa pakhomo la sitolo ya zakudya za nkhuku, mwina ndi dzanja langa limenelo. Burashi ndimaidziwa, koma cholembera ndiye chimandithawa kuyambira kale. Nditaganiza zoyesa mwayi ku Evelyn Hone College ku Lusaka, mnzanga amene anaphunzira zojambula kumeneko anandichenjeza kuti sukangojambula ayi, ukalembanso, ndipo ukafunsidwa chifukwa chimene wajambulira chimene wajambulacho.

Ndiye ndinalowa kalasi ya mayi wina amene amaphunzitsa m'galaja ya nyumba yake ku Kalongwezi, mu Chipata momuno. Loweruka lililonse, 14 koloko mpaka 16, kwa masabata khumi, K350 pa mwezi, kulipira kudzera pa foni. Tinalipo asanu ndi anayi. Ambiri anali ana a Giredi 11 ndi 12 otenga Art and Design. Akuluakulu tinali awiri, ine ndi mnyamata wina wa ku Katete wosema ziboliboli.

Tsiku loyamba Madamu anatulutsa ndalama yapepala m'chikwama, n'kuitembenuza, n'kutionetsa munthu uja wodula maunyolo amene tonse tamugwira m'manja nthawi zosawerengeka koma osamuyang'ana. Anatiuza kuti aliyense alembe mizere isanu. Ine ndinalemba kuti chiboliboli chimenechi cha Freedom Statue n'chokongola kwambiri, chikusonyeza ufulu wathu, ndipo tiyenera kuchinyadira. Ndinkadzimva ndithu. Iwo anawerenga mokweza, kenako anafunsa kalasi yonse kuti, "Alipo amene akutsutsana ndi achimwene awa?" Zii. "Ndiye achimwene, simunanene kanthu. Pabwalo la amfumu, mlandu umene palibe woukana si mlandu."

Mawu amenewo ndiwo anali maphunziro onse a masabata khumi aja, kungoti ankabwera m'malaya osiyanasiyana. Madamu amatenga chimangirizo ngati mlandu wa pabwalo. Uyambe wanena chimene wadzera, m'chiganizo chimodzi, chimene munthu wanzeru angathe kuchikana. Kenako uitane mboni. Kwa ife ojambula, mboni yoyamba ndi chithunzi chenichenicho: mkono walunjika kuti, nkhope yayang'ana kuti, mtundu wofiira waikidwa pati, mthunzi wagwera mbali iti. Ukatha apo umupatse mpata wotsutsana nawe, ndipo umulankhulire bwino, osamusandutsa chitsiru kuti umugonjetse mosavuta. Mawu oti "chokongola", "chochititsa chidwi" ndi "chozama" anawaletsa mwezi wathunthu. Tinavutika ngati anatilanda mchere.

Sabata yachitatu anatiuza mbiri ya chiboliboli chija: chinaimikidwa mu 1974, patapita zaka khumi chilandirire ufulu mu 1964, chili mu Independence Avenue ku Lusaka, munthu wake ndi Zanco Mpundu Mutembo, ndipo amene anachiumba ndi James Butler, mmisiri wa ku Britain. Ine magazi anawira. Chizindikiro cha ufulu wathu, chopangidwa ndi munthu wochokera kwa atsamunda omwewo! Usiku umenewo magetsi atathima ndinalemba masamba awiri ndi tochi ya foni. Mboni yanga yaikulu inali Henry Tayali, mmisiri wa kwathu kuno ku Zambia, uja wa chiboliboli cha The Graduate pa yunivesite ya UNZA, amene dzina lake anapatsa nyumba ya zojambula ya ku Showgrounds ku Lusaka. Ndinati bwanji sanam'patse iyeyo ntchitoyo?

Pepala linabwera lili psuu ndi inki yofiira. Pambali pa dzina la Tayali analemba mawu anayi okha: "Anali kuti mu 1974?" Nditafufuza ndinapeza kuti nthawi imeneyo anali ku Düsseldorf, ku Germany, akuphunzirabe. Mboni yanga inali isanafike n'komwe pabwalo. Ndinachita manyazi, ndipo kunena zoona ndinakwiyanso, chifukwa ndinkaona ngati Madamu akuikira kumbuyo mzungu. Koma sanandiuze kuti ndisinthe maganizo. Anati, "Mlandu wanu ulipo, koma mwaulozetsa kolakwika. Yang'ananinso chibolibolicho." Chimangirizo chachiwiri ndinasiya za khungu la wochiumba. Ndinalemba za maunyolo oduka ali lende m'manja, za chifuwa chosavala, za mutu wa munthu mmodzi woimira ufulu umene anaumenyera ndi anthu ambirimbiri, amayi ophika ndi obisa anthu m'midzi omwe. Ndinafunsa kuti kodi ufulu wojambulidwa ngati nyonga za mwamuna mmodzi ukuiwala ndani. Chimenecho anandipatsa 14 pa 20, ndipo palibe malikisi amene ndinawasangalalira chotere chiyambire.

China chimene ndinachikonda: amalola kuti uyambe kuganiza m'chilankhulo chako. Mphindi khumi zoyamba timakangana m'Chichewa, ena m'Chinsenga, mokuwa ngati tili pa depoti ya mabasi, kenako ndiye timalemba m'Chingerezi. Amati munthu amene sangathe kufotokozera agogo ake mfundo yake, Chingerezi chimangomubisira umbuli. Mtsikana wina wa Giredi 12 amene sankatsegula pakamwa sabata zoyamba, pofika sabata yachisanu ndi chimodzi anandigwetsa pa mkangano wa zitenje za zipani, kuti kodi ndi luso kapena ndi chikwangwani chongovala. Ine wolemba zikwangwani ndinayankha kuti chikwangwani nachonso ndi luso. Iye anati, "Ndiye bwanji amalume simusaina dzina lanu pansi pa nkhuku ija?" Mpaka lero sindinamuyankhe.

Tsopano zondidandaulitsa.

Madamu anakulira m'tauni, ndipo nkhani ya Gule Wamkulu anailowa ndi nsapato. Sabata yachisanu ndi chiwiri anatipatsa mutu woti tikambe ngati zigoba za Gule zili zoyenera kuikidwa m'nyumba zosungiramo zakale. Mutuwo pawokha si woipa. Gule analengezedwa ndi UNESCO mu 2005 kukhala chuma cha dziko lonse lapansi, amavinidwa poyera pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, ku Katete, chaka ndi chaka mu Ogasiti pamaso pa Kalonga Gawa Undi, ndipo alendo amajambula ndi mafoni. Vuto linabwera pamene anaumiriza mnzanga wa ku Katete kuti abweretse umboni wa kapangidwe kake, popeza iye ndi wosema. Mnyamatayo anangoika cholembera pansi nati, "Madamu, za kudambwe sizilembedwa." Iwo anaseka pang'ono n'kunena kuti wolemba weniweni sabisa umboni. Loweruka lotsatira mpando wake unali wopanda munthu. Anabweranso patapita sabata ziwiri, Madamu atamuimbira foni kupepesa, ndipo mutuwo anausintha kukhala wa zimene munthu wamba amaona pabwalo: kavinidwe, fumbi, nyimbo, mmene ana amathawira. Kupepesako ndikuwayamikira. Koma munthu wophunzitsa zojambula kuno kum'mawa akanayenera kudziwa zimenezi asanatsegule chitseko cha galaja.

Chachiwiri ndi ulendo wa ku Thandwe. Pa kapepala kolengeza kalasi panalembedwa kuti tidzapita kukaona zojambula zakale za pamiyala kumeneko, n'kukalembera chimangirizo pamalo pomwepo. Tinasonkha K80 aliyense ya galimoto. Loweruka loyamba kunali maliro, lachiwiri galimoto sinapezeke, lachitatu nkhaniyo inangofa yokha. Ndalama anabweza, inde, koma nditakumbutsa kawiri pa WhatsApp. Ine ulendowo ndi umene unandikopa polembetsa.

Kuchonga nakonso kumachedwa. Pepala lopereka lero umaliona patatha sabata ziwiri, utaiwala kale chimene unkakangana nacho. Galajayo masana a Okutobala imatentha ngati uvuni wa mabanzi, choncho tengani madzi ndipo khalani pafupi ndi khomo.

Amene akufuna mwana wake aloweze mayankho a mayeso a boma a ECZ, pano si malo ake. Madamu sapereka zoloweza, ndipo kholo limodzi linachotsa mwana wake pa chifukwa chomwecho. Koma ngati muli ndi mwana amene dzanja lake limajambula bwino pamene pakamwa pake pamangotuluka "ndangojambula basi", K350 imeneyo sipita pachabe.

Sabata yatha mwini butchala wina ku Mchini anakana chikwangwani changa, ati ng'ombe ndaijambula yoonda. Kale ndikanangonyamula utoto n'kuyamba kuinenepetsa ndikung'ung'udza. Ulendo uno ndinamuimika tsidya lina la msewu, pomwe makasitomala amatsikira njinga, n'kumuonetsa kuti ng'ombe yonenepa ikanaphimba nambala ya foni, ndipo pamtunda umenewo chimene chimaoneka ndi nyanga ndi linunda. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kulipira. Anangopempha kuti mchira ndiutalikitse pang'ono, ndipo ndinautalikitsa.