Ma ejenti a visa mu Blantyre ndi nkhani yoganiziridwa kuti ukwati wanu ndi wabodza

Kuyambira mu Victoria Avenue ndi Haile Selassie Road mpaka ku Ginnery Corner ndi ku Limbe, muli timaofesi tambiri tomwe timalonjeza kuthandiza za ma visa. Tambiri tinayamba ngati malo a fotokope ndi intaneti, ntchito ya visa n'kubwera pambuyo. Ndemanga ino ikukhudza mbali imodzi ya ntchito yawo: kuthandiza munthu amene mwamuna kapena mkazi wake ali ku UK ndipo akufuna kukakhala naye. Sititchula ofesi ndi dzina. Pa ntchito ya makina anthu awa amathandizadi. Pa nkhani yoonetsa kuti banja lanu ndi lenileni, ambiri amakukumbirani dzenje okha, ndipo ogweramo ndi mabanja enieni, a ankhoswe awo ndi ana awo.

Tiyambe ndi zabwino. Fomu ya pa intaneti ndi yayitali, ndipo ejenti wozolowera amadziwa kusikana zikalata kuti ziwerengeke, kuziika m'magulu, ndi kusungitsa tsiku lokadinda zala ku Lilongwe. Wabwino amakukumbutsani kuti satifiketi ya TB iyenera kuchokera ku chipatala chovomerezedwa ndi Home Office, unduna wa ku UK woona za ma visa, ndipo imagwira ntchito miyezi 6 yokha, komanso kuti mayeso a Chingerezi a mulingo wa A1 amalembedwa kumalo ovomerezeka basi. Ndalama zake si zamasewera. Mu April 2025 fomu inafika pa £1,938, ndipo pamwamba pake panali msonkho wa zaumoyo wa £1,035 pachaka, womwe pa visa ya miyezi 33 unkakwana £3,105. Akakukanani, ya zaumoyo imabwezedwa koma ya fomu yapita. Za malipiro a amene ali ku UK amazidziwanso bwino chifukwa ndi manambala: £29,000 pachaka kuyambira pa 11 April 2024, mapeyisilipi a miyezi 6, masitetimenti a ku banki a miyezi yomweyo, kalata ya abwana, ndipo chikalata chaposachedwa chisapitirire masiku 28 pa tsiku lotumiza fomu. Mpaka apa tilibe nawo chifukwa.

Vuto limayambira pa lamulo lina la mu Appendix FM, malamulo a ku UK a ma visa a mabanja amene anayamba kugwira ntchito mu July 2012. Likuti awirinu mukhale oti munaonanapo maso ndi maso, ukwati wanu ukhale wovomerezeka kumene unachitikira, banja lililonse lakale likhale loti linatheratu, ndipo ubale wanu ukhale weniweni komanso wopitirira. Amene akuweruza izi sakukudziwani. Sanabwere ku chinkhoswe, sanaone apongozi akuvina. Ali ndi mapepala okha, ndipo mapepalawo akatsutsana amayamba kukaika.

Kutsutsana koopsa kwambiri kumachokera ku fomu yakale. Munthu anapemphapo visa yokacheza zaka zingapo zapitazo, ejenti n'kumuuza kuti, "Achimwene, lembani kuti muli pabanja ndipo muli ndi ana awiri kuti aone kuti mudzabwerera." Kapena mayi anali kale pachibwenzi ndi bambo wa ku UK, koma anauzidwa kuti amutchule kuti ndi msuweni. Fomu imeneyo siitayika, imamangirizidwa ku zidindo za zala zanu. Lero mukuti simunakwatirepo, kapena msuweni uja ndiye mwamuna wanu. Ukwati wa lerowu ndi weniweni, koma bodza la dzana likuuipitsa. Ejenti wodziwa ntchito amayamba wafunsa za ma visa onse amene munapemphapo ndi onse amene anakukanani, ndipo pomwe panalakwika amakuuzani kuti mufotokoze nokha poyera m'kalata. Ambiri safunsa n'komwe, ndipo ena amalangiza kuti mubise zoti anakukanani. Uphungu umenewu ndi woipitsitsa pa onse.

Kenako pali masiku a ukwati. Kwathu kuno banja limodzi likhoza kukhala ndi masiku atatu: la chinkhoswe, la kutchalitchi kapena ku mzikiti, ndi la kwa DC kapena kwa Registrar General. Lamulo la Marriage, Divorce and Family Relations Act la 2015 limavomereza ukwati wa chikhalidwe, wa chipembedzo ndi wa kuboma, ndipo onse ali ndi mphamvu yofanana. Koma mkazi akamawerengera kuchokera pa chinkhoswe, mwamuna pa tsiku la kutchalitchi, satifiketi n'kuonetsa tsiku lachitatu, wowerenga wa kunja amangoona anthu awiri osadziwa tsiku limene anakwatirana. Mankhwala ake ndi ndime imodzi yofotokoza mwambo uliwonse, tsiku lake, malo ake ndi amene anaimirira mbali zonse ziwiri. Timadabwa kuti ma ejenti, omwe ndi Amalawi ndipo chinkhoswe amachidziwa, kawirikawiri saiganizira ndime imeneyi.

Chimodzimodzi banja lakale. Ambiri analekana pamudzi, ankhoswe anakhala pansi, katundu anagawana, aliyense n'kupita kwawo, popanda pepala lililonse. Poti ukwati wa chikhalidwe ndi ukwati pamaso pa lamulo, kutha kwake kumafuna chikalata cha kukhothi. Popanda chimenecho, dzina la bambo wina likaoneka pa satifiketi yakubadwa ya mwana, funso limabwera lakuti banja lija linatha liti, ndipo mwina ukwati watsopanowu ndi wosavomerezeka. Izi zimakonzedwa musanatumize fomu, ndi loya wa kuno, osati pa kompyuta ya ejenti.

Maina ndi masiku obadwa tisachedwepo. Pasipoti, chiphaso cha unzika ndi satifiketi ya ukwati zizinena chimodzi. Ngati zikusiyana, kakonzetseni ku ofesi imene inapereka chikalatacho, kapena lumbirani afidaviti kwa Commissioner for Oaths yofotokoza kusiyanako. Ejenti akati akonza yekha pa kompyuta, tengani mapepala anu muzipita. Chikalata chimodzi chosinthidwa chimasandutsa kukaikira chabe kukhala mlandu wa chinyengo.

Pa umboni wa ubale ndi pomwe ntchito ya maofesiwa imafooka kwambiri. Amakonda kuchulukitsa. Amasindikiza masamba mazanamazana a WhatsApp a mwezi umodzi, onse m'Chichewa, osamasulira. Malamulo akuti chikalata chimene sichili m'Chingerezi kapena m'chilankhulo cha ku Wales chikhale ndi kumasulira kwathunthu, kokhala ndi tsiku, dzina ndi siginecha ya womasulira, njira yomupezera, ndi mawu otsimikiza kuti wamasulira molondola. Popanda izi masamba onsewo akhoza kungoikidwa pambali. Chothandiza ndi masamba ochepa otengedwa m'miyezi yosiyanasiyana kuyambira pachiyambi cha ubale mpaka lero, oonetsa tsiku ndi nambala, okamba za moyo wamba: fizi ya mwana, matenda a amayi, lendi, ngakhale kukangana. Onjezani zidindo za m'pasipoti za pa Chileka kapena pa Kamuzu International Airport, matikiti a ndege, zithunzi zochepa zokhala ndi achibale a mbali zonse, ndi masatifiketi akubadwa a ana. Malisiti a Mukuru, WorldRemit kapena Western Union amathandiza ngati ali m'maina anu awiri. Ndalama yopatsira mnzanu wobwera kumudzi, kapena yolandirira pa Airtel Money ya mlongo wanu, imafika ndithu koma sisiya phazi. Ndipo musanasinthe foni, sungani mauthenga anu, chifukwa mpata wa chaka chathunthu wopanda uthenga umafuna kufotokozedwa.

Kalata yofotokoza mbiri ya chikondi chanu ilembeni nokha. Maofesi ena ali ndi kalata imodzi pa kompyuta imene amangosinthamo maina, yodzaza ndi mawu okoma opanda tsiku, opanda malo. Kalata ya mwamuna ndi ya mkazi zikafanana liwu ndi liwu, zimamveka ngati ana a sukulu okoperana mayeso. N'chimodzimodzi kuloweza mayankho pokonzekera mafunso a pafoni amene a Home Office angakufunseni. Amene waloweza amasokonekera funso likabwera mwanjira ina. Ngati simukukumbuka, nenani kuti simukukumbuka. Ngati simunamve, pemphani abwereze. Kulota yankho ndi kumene kumabala kusiyana pakati pa mawu anu ndi a mnzanu.

Palinso zina zosachokera m'mapepala anu. Mkazi wakale, chibwenzi chokhumudwa kapena wachibale wansanje akhoza kukanena ku Home Office kuti ukwatiwo ndi wogula. Kusiyana kwakukulu kwa zaka, kapena kukwatirana msanga mutangoonana, kumadzutsanso mafunso. Palibe mwa izi chimene pachokha chili umboni wa bodza, ndipo zimapweteka kuona banja loona likufunsidwa ngati akuba. Koma mkwiyo sulembedwa m'kalata yoyankha. Mfundo iliyonse imayankhidwa ndi tsiku ndi chikalata.

Kalata yokana ikabwera, iwerengeni nokha mzere ndi mzere, chifukwa kukana kuli pawiri. Kwina amangoti sanakhutire kuti ubale ndi weniweni, kutanthauza kuti umboni unachepa. Kwina amanena kuti munanama kapena munapereka chikalata chabodza. Kwachiwiriku n'kolemera: udindo woonetsa chinyengocho uli pa iwo, koma mukangokusiya osatsutsa kumakhala m'mbiri yanu, ndipo kungakutsekereni kwa zaka 10 ma visa ena monga okacheza. Ma ejenti ambiri sasiyanitsa. Yankho lawo ndi limodzi, "tingoyambiranso," poti kuyambiranso ndi ntchito ina yolipiritsa. Kutumizanso fomu n'kwanzeru ngati chinasowa ndi pepala limodzi la ku banki. Ngati akuti ndinu onama, njira ndi apilo.

Apilo imapita ku First-tier Tribunal, khothi la ku UK lomva milandu yotere, ndipo muli ndi masiku 28 kuchokera pamene mwalandira chigamulo muli kunja kwa UK. Mu 2025 malipiro ake anali £80 ngati woweruza angowerenga mapepala, £140 ngati pakhale kumva mlandu. Pa nkhani ya ukwati sankhani yachiwiriyo, chifukwa mnzanu amene ali ku UK amakaonekera, n'kufunsidwa, woweruza n'kumuona yekha, ndipo umboni watsopano umaloledwa. Mukhozanso kupempha kwaulere kuti Home Office ikupatseni zimene inasunga za inu, kuphatikizapo mafomu akale ndi zolemba za mafunso aja. Apa ntchito ya ejenti wa mu Blantyre yathera. Iye sayang'aniridwa ndi Immigration Advice Authority, bungwe la ku UK loyang'anira alangizi a za ma visa limene kale linkatchedwa OISC, ndipo akalakwitsa simungakamudandaule kumeneko. Mnzanu apeze loya kapena mlangizi wolembetsedwa ku UK, n'kutsimikiza dzina lake m'kaundula wa pa intaneti wa bungweli kapena wa Solicitors Regulation Authority, bungwe loyang'anira maloya.

Masiku 28 aja ndi amene amatipangitsa kudana ndi chizolowezi china: ejenti kulemba imelo yake pa fomu yanu ndi kusunga yekha pasiwedi. Chigamulo chimafikira kwa iye, amachiona mochedwa kapena amachita manyazi kukuuzani, masiku n'kumatha. Imelo ikhale yanu, nambala ya foni ikhale yanu, ndipo fomu yonse muiwerenge pa sikirini asanaitumize. Funsani kope yake, komanso lisiti ya ndalama iliyonse imene mwamupatsa.

Amene mnzanu ali ku America samalani kuposa apa. Kumeneko nzika kapena wokhala ndi green card amatumiza fomu I-130 yopemphera mnzake ku USCIS, ofesi ya boma yoona za olowa m'dzikolo, ndipo a ofesiyo akakaika amatumiza kalata yochenjeza kuti akufuna kukana, yomwe kawirikawiri imapereka masiku 30 okha oyankhira. Gawo 204(c) la lamulo lawo likuti munthu akapezeka kuti analowa ukwati pofuna kuzemba malamulo olowera m'dziko, pempho lina lililonse lotere lomupemphera silidzavomerezedwanso, ngakhale atadzakwatira wina m'tsogolo. Chilango cha mlanduwo chimafika zaka 5 m'ndende kapena faindi ya $250,000. Kalata yotereyi isayankhidwe pa malo a fotokope. Ipite kwa loya wa ku America tsiku lomwelo imene yafika.