Hilux yakale ya dizilo patatha chaka: madzi amene ankasowa popanda dontho pansi

Mlamu wanga wa ku Dzivaresekwa, kuno ku Harare, wakhala akundifunsa ngati n'chinthu chanzeru kugula galimoto yakale ya 4x4 n'kumaikonza pang'onopang'ono monga ndinachitira ine, ndipo popeza yankho la pafoni silinakwane, ndatulutsa envelopu ya malisiti kuti ndifotokoze nkhani yonse bwinobwino. Galimotoyo ndi Toyota Hilux ya 1994, ya mtundu wa LN106, yokhala ndi injini ya dizilo yotchedwa 3L, ya malita 2.8, yopanda turbo. Ndinaigula chaka chatha pa madola 4,800 a ku America kwa bambo wina wachikulire wa ku Mufakose, amene makolo ake anachokera ku Dedza monganso anga. Mtengowo ungaoneke wokwera pa galimoto ya zaka 30, koma kuyambira pamene boma la Zimbabwe linaletsa mu 2021 kuitanitsa magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito opitirira zaka 10, magalimoto akale amene ali kale m'dziko muno sakutsika mtengo.

Zabwino zake sizifuna mawu ambiri. Chasisi ilibe dzimbiri lodetsa nkhawa. Mahabu akutsogolo, amene munthu amatsika n'kupotokola ndi dzanja, amagwira nthawi zonse, ndipo giya yaing'ono ya m'matope yatitulutsa m'malo amene magalimoto atsopano anatitimira nthawi ya dzinja. Mulibe kompyuta m'galimotoyi, choncho makaniko aliyense wodziwa dizilo amaimvetsa. Ndinasintha mabuleki, mabushi a masipuling'i, ndi timing belt (lamba wogwirizanitsa kayendedwe ka ziwalo za mu injini), imene pa injini iyi imayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 aliwonse, ndipo zonsezi ndinazipeza mu Kaguvi Street tsiku limodzi, ngakhale kuti kumeneko chipangizo chenicheni ndi chongoyerekeza zimakhala pa shelefu imodzi ndipo wogula ayenera kutsegula maso. Pa chitunda imakwera mwaulesi, ndipo ikakhala yopanda katundu imadumpha m'maenje a m'misewu yathu mpaka msana kudandaula, koma zimenezi ndinkazidziwa ndisanapereke ndalama.

Chimene chinandidya mutu kwa miyezi yambiri ndi madzi a mu injini. Masabata oyamba, pamene ndinkangoyenda pakati pa Highfield ndi Southerton, panalibe chodandaula. Vuto linayamba kuonekera nditayamba kutuluka mumzinda. Ndikapita ku Murewa n'kubwerako, m'mawa mwake kabotolo ka madzi kamene kamakhala pafupi ndi lediyeta kankapezeka kouma, ndipo ndikatsegula lediyeta yeniyeniyo ndinkathira pafupifupi lita imodzi isanadzaze. Chodabwitsa chinali chakuti pansi panalibe ngakhale dontho. Ndinkayala katoni kunsi kwa injini usiku, m'mawa n'kuipeza youma, kupatula timadontho ta oyilo timene galimoto iliyonse ya msinkhu umenewu imasiya. Geji ya kutentha nayo sinkakwera, inkangokhala pansi penipeni ngati injini sinatenthe n'komwe.

Ndinayamba ndi chitsekerero cha lediyeta, chifukwa n'chotsika mtengo komanso ntchito yake ndi yaikulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kuno madzi amawira pa madigiri pafupifupi 95 osati 100. Chitsekererocho chimapanikiza madzi ndi mphamvu ya 0.9 bar kuti asawire kufikira atadutsa madigiri 110, motero labala wake akalimba kapena kung'ambika, madzi amathawa ngati nthunzi osasiya chizindikiro. Changa chinali chotheratu, ndipo nditagula chatsopano ndinaganiza kuti nkhani yatha. M'malo mwake madzi anayamba kutha mofulumira kuposa kale. Pambuyo pake ndinamvetsa chifukwa chake: chitsekerero chabwino chinachititsa kuti madzi apanikizike mokwanira, ndipo pamene panali pobowoka panayamba kutulutsa ndi mphamvu.

Kenaka ndinasintha mapaipi awiri aakulu a lediyeta ndi zomangira zake. Potsegula malo a thermostat, kachipangizo kamene kamatsekera madzi kuti asapite ku lediyeta kufikira injini itatentha, tinapeza kuti mulibe kanthu, wina anaichotsa kalekale. Amakaniko ambiri kuno amachita zimenezi ponena kuti dziko lathu n'lotentha, koma zotsatira zake n'zakuti injini imachedwa kufika pa kutentha koyenera, imamwa dizilo wambiri, ndipo geji imakhala pansi n'kumamunamiza mwini galimoto kuti zonse zili bwino. Titaika thermostat yatsopano, geji inakwera kufika pakati, ndipo pa zitunda za ku Mutoko inayamba kupendekera ku mbali yofiira.

Apa m'pamene mtima wanga unatsika kwambiri. Makaniko woyamba amene ndinapitako, atangomva kuti madzi akusowa popanda kudontha, ananena asanatsegule ndi boneti yomwe kuti hedi, chivindikiro cha pamwamba pa injini, yang'aluka kapena gasiketi yomatira pansi pake yapsa, ndipo anatchula madola 700 kuphatikizapo kupita nayo hediyo kumakina ku Graniteside. Sindikumunena kuti ankafuna kundibera, chifukwa injini za dizilo za mtundu uwu zikatenthetsedwa kwambiri hedi imang'alukadi, ndipo iye waziona zambiri zotere. Komabe zizindikiro sizinkagwirizana. Oyilo sanasanduke woyera ngati wasakanikirana ndi madzi, ku ekizozi sikunkatuluka utsi woyera injini itatentha, mapaipi sankalimba injini ikangolizidwa kumene, ndiponso pakamwa pa lediyeta panalibe thovu. Ndinamupempha kuti tiyambe tayeza tisanamasule mabawuti a hedi, iye n'kuyankha kuti, "Achimwene, kuyeza n'kutaya nthawi, matenda awa timawadziwa." Ndinalipira ya kuona kokha n'kuchokapo. Masiku amenewo ndikanapeza wogula ndikanaigulitsa pa mtengo uliwonse, ndipo ulendo wa kumudzi umene ndinaigulira ndinauimitsa, popeza palibe munthu wanzeru amene angalowe m'chigwa cha Tete mwezi wa October, kumene kutentha kumadutsa madigiri 40, ndi galimoto yomwa madzi mosadziwika.

Amene anathetsa nkhaniyi ndi mkulu wina wokonza malediyeta, amene amagwirira ntchito yake pansi pa chisakasa cha malata. Anayamba ndi kuyeza ngati mpweya wa m'masilinda ukulowa m'madzi, pogwiritsa ntchito kachubu kokhala ndi mankhwala abuluu kamene amakaika pakamwa pa lediyeta injini ikulira. Mpweya wotere ukakhalapo mankhwalawo amasintha mtundu, koma anakhalabe abuluu, ndipo hedi inapulumuka. Kenaka anaika pampu yoyezera pa lediyeta n'kupopa injini ili yozizira. Muvi wa pampuyo unaima malo amodzi kwa nthawi yaitali moti ine ndinayamba kukayikanso. Iye sanatekeseke. Anati tiyendetse galimotoyo kufikira itatentha bwino, tizimitse, tidikire kuti itsike pang'ono kuti titsegule chitsekerero popanda kupsa, kenaka tipopenso. Ulendo uno muvi unayamba kutsika pang'onopang'ono.

Anagona chagada kunsi kwa galimoto atanyamula tochi ndi kachidutswa ka galasi loonera kumbuyo lomangidwa pa waya, n'kumaunika m'mbali mwa buloko, thupi lenileni la injini, kunsi kwa mapaipi a ekizozi. Patapita kanthawi anandiitana kuti, "Bwerani muone, bambo, wakuba wanu ndi uyu." Pagalasipo ndinaona kachitsulo kozungulira kamene amakaniko amati welch plug, kokhala ndi mzere wa dzimbiri losakanikirana ndi zoyera zouma wotsikira m'munsi, ndipo pakati pake pankatuluka kamtsinje ka madzi kowonda kuposa ulusi. Timapulagi timeneti timatseka mabowo amene amatsala popanga buloko ku fakitale, ndipo popeza n'topyapyala kuposa buloko yeniyeniyo, dzimbiri la mkati limayamba kuboola timeneti. Kabowoko kankatseguka chitsulo chikatentha ndiponso madzi akapanikizika, ndipo madziwo ankalunjika pa paipi yotentha ya ekizozi n'kusanduka nthunzi nthawi yomweyo. N'chifukwa chake katoni yanga inkadzuka youma, komanso maulendo aafupi a m'tauni sankaonetsa kanthu.

Kapulagi katsopano ka mkuwa kanali madola 3. Ntchito yokafikira ndiyo inali yaikulu, chifukwa panafunika kumasula mapaipi onse a ekizozi pa hedi, ndipo bawuti imodzi imene inakhala pamoto zaka 30 inaduka n'kufuna kuboola. Titachotsa kapulagi kakaleko, kumbuyo kwake kunatuluka matope a dzimbiri osakanikirana ndi zinthu zotuwa zonanda ngati phala la mgaiwa lagona. Mkuluyo anazipotokola ndi zala n'kunena kuti amenewa ndi mankhwala otsekera podontha amene amagulitsidwa m'mabotolo, ndipo sanathiridwe kamodzi kokha. Anatsegula lediyeta n'kundionetsa timachubu take tambiri titatsekeka ndi zomwezo. Apa nkhani yonse inaoneka poyera. Galimotoyi inayenda zaka zambiri ndi madzi wamba a pamjigo opanda antifreeze, amene anthu amaganiza kuti ndi wa maiko a chisanu okha pamene ntchito yake ina yaikulu ndi kuteteza zitsulo za mkati ku dzimbiri. Itayamba kudontha, wina anathira mankhwala otsekera, ndipo lediyeta itatsekeka n'kuyamba kutenthetsa injini, anachotsa thermostat kuti geji ikhale pansi.

Tinasintha timapulagi tonse timene tinkafikika injini ili m'malo mwake, tinatsuka buloko kufikira madzi atatuluka oyera, lediyeta tinaiika mkati mwatsopano, ndipo tinathira antifreeze wosakaniza theka ndi theka ndi madzi a batire. Pampu ya madzi nayo tinaisintha titaona kuti mapiko ake adyeka. Nditawerengera zonse zokhudza madzi okha, kuyambira chitsekerero choyamba chija mpaka ntchito ya mkuluyu, zinakwana madola 460.

Kuchokera pamenepo sindinathiremonso madzi. Ulendo wa kumudzi unachitika nthawi ya Khirisimasi, kudzera pa chipata cha Nyamapanda cholowera ku Mozambique, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kukalowera pa chipata cha Dedza, galimoto itadzaza anthu ndi katundu, ndipo geji sinasunthe pakati ngakhale pamene tinaima nthawi yaitali pamzere wa pachipata injini ikulira. Dizilo nayenso ikumwa mocheperapo kusiyana ndi nthawi imene inalibe thermostat. Pobwerera ndinkaiyamikira kwa aliyense wofunsa, ndipo ndikanalemba ndemanga iyi sabata imeneyo ikanakhala ya chitamando chokhachokha. Koma pali timapulagi tina kumbuyo kwa buloko timene sitingafikike popanda kutsitsa giyabokosi, ndipo tinakhala m'madzi omwewo zaka zomwezo. Mkulu uja analangiza kuti tidzatisinthe pamodzi ndi kilatchi, imene yayamba kale kuterereka pa chitunda galimoto ikalemedwa. Ntchito imeneyo ikundidikira, ndipo m'mawa uliwonse ndisanalize injini ndimasuzumira pamene injini imakumana ndi giyabokosi kuona ngati panyowa.

Za wogulitsa ndiye zimandiwawabe. Tsiku logula ndinawafunsa mwachindunji ngati galimotoyo imatentha kapena kumwa madzi, iwo n'kundilozera geji imene inali pansi n'kunena kuti, "Mwana wanga, ine ndingakunamize iwe wa kwathu?" Ndinabwererako ndi kapulagi kobowokako m'thumba pamodzi ndi malisiti, ndinakhala pansi mwaulemu, ndipo ndinawafotokozera zimene tinapeza. Poyamba anati zonsezo anachita ndi mnyamata amene ankawayendetsera galimotoyo, iwo osadziwa kanthu. Nditawakumbutsa kuti anandiuza okha kuti palibe wina amene ankagwira chiwongolero chake, anavomera kuti botolo limodzi lokha ndilo anathira, ndipo analonjeza kundibwezera madola 150 a lediyeta mwezi ukatha. Miyezi yadutsa. Tikakumana pa maliro kapena pa misonkhano ya anthu a kwathu timapatsana moni bwinobwino, iwo amafunsa za ana, koma za ndalama satchula, ndipo ine sindingakakumbutse munthu wa msinkhu wa bambo anga pa gulu.

Ndikaphatikiza mtengo wogulira, matayala, mabuleki, timing belt, mabushi ndi nkhani ya madziyi, galimotoyi yandidyera madola pafupifupi 6,700, kilatchi isanawerengedwe. Pa ndalama imeneyo ndili ndi galimoto imene ndikuidziwa mkati ndi kunja ndipo ndingapite nayo ku Malawi mawa, zimene sindinganene za magalimoto ambiri amene akugulitsidwa pa mtengo womwewo m'mayadi a mumzinda muno. Vuto silinali la kapangidwe kake, linali la kasamalidwe ndi kubisa. Aliyense wofuna kugula yotere apite ndi munthu wokhala ndi pampu yoyezera, ayeze injini itatentha osati yozizira yokha, atsegule malo a thermostat aone ngati ilimo, ayang'ane mtundu wa madzi a mu lediyeta, ndipo akapeza madzi a dzimbiri achotse madola osachepera 500 pa mtengo asanayambe n'komwe kukambirana. Sabata yatha bambo aja anatumiza uthenga kudzera kwa mdzukulu wawo kuti amva kuti galimoto ikuyenda bwino tsopano, ndipo ngati ndikufuna kuigulitsa iwo angaitenge pa madola 4,000. Ndinayankha kuti sikugulitsidwa, ndipo kuti 150 ija ndikuidikirabe.