Nsambo zakuda za D'Addario ETB92 pa bezi yanga, patha miyezi inayi

Anthu angapo andifunsa kale tikaweruka ku tchalitchi kuti kodi aise mawaya akuda ali pa bezi yakowa ndi a chani, ena mpaka amaganiza kuti ndapenta, ndiye ndati ndingolemba kamodzi kuti aliyense amene amaimba bezi kuno ku Joni ndipo akufuna kuti gitala yake izilira ngati chibezi chachikulu choimika chija, chija amati upright kapena double bass, adziwe zomwe ine ndapeza. Nsambo zake ndi D'Addario ETB92, za tapewound, mkati ndi chitsulo koma kunja anazikulunga ndi nayiloni wakuda wosalala. Kunenepa kwa nsambo zinayizo ndi 50, 65, 85 ndi 105. Ndakhala nazo miyezi inayi, ndaimba nazo mu tchalitchi, pa zinkhoswe ziwiri ndi ukwati umodzi, ndiye ndikulankhula zomwe makutu anga amva.

Chinandiyambitsa ndi madala athu a kiyibodi. Lamulungu ndimaimba ku tchalitchi chathu ku Turffontein koma Loweruka tili ndi kagulu ka anthu anayi komwe timaimba mmaukwati a aMalawi anzathu, ndipo madalawa akhalitsa kuno, jazz ya dziko lino anaimwa ngati thobwa, ukangowaputa pang'ono amayamba za akatswiri a bezi Johnny Dyani ndi Herbie Tsoaeli mpaka kuiwala kuti tabwerera pulakatisi. Tsiku lina tikukonza nyimbo zozizira zoimba anthu akamadya anangoimitsa nkuti, "Mwana wanga, bezi yakoyi ikulongolola kwambiri. Ine ndikufuna ingoti du, du, kenako ikhale chete, imusiyire woimba malo." Poyamba zinandiwawa pang'ono chifukwa ine ndimaona ngati kulira kwa ng'ee kuja ndiye kukoma kwa bezi. Koma ndikubwerera mu taxi ndinakumbuka kuti kaliridwe akunenaka ndimakadziwa kuyambira ndili mwana. Ndi ka babatoni! Nsambo imodzi, ng'oma ya chikopa cha ng'ombe, ukaikoka imagunda pamtima nkuzima pomwepo. Amene munamverako Madalitso Band kapena Gasper Nali mukudziwa zomwe ndikunena. Ndipo ngakhale kwela yomwe inabadwira mmisewu ya Joni momwemuno mzaka za m'ma 1950 inkayenda ndi bezi ya nsambo imodzi yomangirira pa bokosi la tiyi, ndipo kwathu a Daniel ndi a Donald Kachamba a ku Chileka ankaimba kwela yawo ndi bezi ya nsambo imodzi yomweyo. Ndiye madala sankapempha chinthu chachilendo ayi, ankapempha chinthu chomwe khutu la mMalawi linakula nacho.

Kugula upright yeniyeni kwa ine sizotheka. Mtengo wake ndi nkhani ina, koma ngakhale wina atandipatsa ulele, chinthucho kutalika kwake ndi pafupifupi mamita awiri, ine ndimakhala mchipinda chimodzi ndi banja ndipo ndimakwera taxi pa Bree, mundiuze dalaivala wake uti angavomere.

Tsono kuti mumvetse chifukwa chake nsambo zili ndi ntchito, muyambe mwamva kusiyana kwa zinthu ziwirizi. Upright ndi chibokosi chachikulu cha thabwa chopanda kanthu mkati, ukakoka nsambo mphamvu yake imalowa mthabwalo msangamsanga, ndiye noti imayamba mwamphamvu, kugunda, kenako imatsika mwachangu. Nsambo zake ndi zazitali, masentimita cha m'ma 105, pomwe za bezi yathu wambayi ndi mainchesi 34 omwe ndi masentimita 86. Ilibenso ma fret, tizitsulo topingasa pa khosi la gitala tija, nsambo imagona pa thabwa osati pa chitsulo. Gitala yathuyi ndi thabwa lolimba lopanda mphako, ndiye noti imakhalitsa, ukailiza kamodzi imangopitirira osafuna kufa, ndipo nsambo zomwe zimabwera ndi magitala ambiri masiku ano, za roundwound zokhakhala zija, ndi zomwe zimawonjezera kuthwa ndi kaphokoso ka tswii chala chikamasuntha. Kalekale sizinali choncho. Fender Precision Bass itatuluka mu 1951 inkabwera ndi nsambo zosalala za flatwound komanso kanthu kofewa kobisika pansi pa chivundikiro cha bridge (chitsulo chomwe nsambo zimatsamirapo pa thupi la gitala) kozimitsa noti, chifukwa cholinga chinali choti ilowe mmalo mwa upright. Za roundwound zinadzatchuka mzaka za m'ma 1960, kampani ya Rotosound itapanga zake mothandizana ndi John Entwistle, woimba bezi wa gulu la The Who. James Jamerson, woimba bezi wa ku kampani ya nyimbo ya Motown uja, anayambira pa upright, ndipo pa Precision yake ankagwiritsa ntchito nsambo zonenepa za La Bella za flatwound, siponji pa bridge, nkumakoka ndi chala chimodzi basi. Ndiye zomwe ine ndikuchitazi si nzeru zanga, ndikungobwerera komwe bezi ya magetsi inachokera.

Poika nsambozi chinthu choyamba chomwe chinandisangalatsa nchoti zinalowa bwinobwino mtimipata ta nut, kachidutswa ka kumutu kwa khosi komwe nsambo zimadutsapo, osafuna kupala chilichonse. Izi si zachibwana chifukwa ma tapewound ena ndi onenepa kwambiri, E yake, nsambo yonenepa kuposa zonse ija, kufika 115, ndipo umayenera kupita kwa wokonza magitala kuti akakuze timipatato, ukadzafuna kubwerera ku nsambo zako zakale nut ija yakhwepa. Apa ayi, 105 ndi saizi yomwe magitala ambiri amabwera nayo kale. Chenjezo limodzi, onetsetsani kuti mwagula za kutalika kogwirizana ndi gitala yanu, ETB92 ndi ya mainchesi 34, ndipo podula mudule kunsonga kopyapyala kokha, musadule pomwe pali nayiloni chifukwa angayambe kumasuka.

Kugwira kwake eee ndi kofewa. Zala zimangotsetsereka, tswii uja anatheratu, ndipo mu June ndi July muja kuzizira kwa Joni kukafika pachimake tchalitchi chili zii mmawa, nsambo zachitsulo zimaluma zala koma izi ayi. Thukuta silizidyanso chifukwa silifika pa chitsulo. Koma popeza sizikoka khosi la gitala mwamphamvu ngati zomwe ndinachotsa, khosi linawongoka kwambiri ndipo manoti a kumunsi anayamba kukhudza ma fret nkumati trrr. Ndinamasula pang'ono truss rod, chitsulo cha mkati mwa khosi chomwe chimaliwongola, kota ya kuzungulira basi, nkudikira tsiku limodzi, kenako nkukweza nsambo pa bridge pang'ono. Kukwezako kunathandizanso kaliridwe chifukwa nsambo ikakhala mmwamba umatha kuikoka mwamphamvu ngati a upright amachitira. Ngati simunagwirepo truss rod musalimbane nayo, pitani nayo kwa odziwa.

Nditangoilumikiza ku ampu tsiku loyamba kunena zoona sindinadumphe ndi chimwemwe. Kuthwa kuja kunachoka, mawu anakhala onenepa, akuda, okoma ndithu, koma noti imakhalitsabe, imamveka kuti iyi ndi gitala. Apa mpomwe anthu ambiri amakhumudwira nkumati ndataya ndalama, chifukwa nsambozi nzodulirapo kuposa wamba. Nsambo zokha zimakufikitsa pakati pa ulendo. Chotsala ndi siponji ndi dzanja.

Siponji yake ndi yotsukira mbale yomweyi, yachikasu ija, ndinachotsa mbali yobiriwira yokhakhala nkudula kachidutswa kotambalala ngati zala ziwiri, nkukalowetsa pansi pa nsambo zonse zinayi kogundana ndi bridge. Ndinadula katatu ndisanapeze mulingo. Koyamba kanali kokhuthala kwambiri, kanakankha nsambo mmwamba, manoti anakwera pang'ono kuchoka pa tuning ndipo amafa asanabadwe, kumangomveka pu pu ngati ukumenya pilo. Kachiwiri kanali kopyapyala kosagwira E. Kachitatu mpomwe ndinamva chija ndimafuna, noti imagunda nkukhala kanthawi kokwanira kuti umve kuti iyi ndi G kapena A, kenako nkutsika yokha. Ndi nsambo zanga zakale ndinayesapo siponji yomweyi koma zimamveka ngati gitala yotsekedwa pakamwa, pomwe ndi za nayilonizi zimamveka ngati thabwa. Kusiyana kwake kuli pamenepo ndipo nchifukwa chake ndikuti ndalamayo siinapite pachabe.

Dzanja ndiye nkhani yaikulu kuposa zonse ndipo yanditengera nthawi. Ine ndinazolowera kukhwatcha kufupi ndi bridge ndi nsonga za zala ziwiri, mothamanga, monga timachitira pa makolasi. Pano ndimabweretsa dzanja kutsogolo, pamwamba pa mapeto a khosi penipeni, chala chachikulu nkuchitsamiritsa mmbali mwa khosilo, nkumakoka ndi mmbali mwa chala cholozera kuti mnofu wambiri ukhudze nsambo. Pamenepo nsambo ndi yofewa, imapita patali nkubwerera, ndipo du uja amatuluka yekha. Kwina ndimaika chikhatho pa bridge nkumakoka ndi chala chachikulu. Komanso uyenera kuchepetsa manoti, aise. Woimba upright sangathamange khosi lonse ngati ife chifukwa chinthucho nchachikulu, amakhala kumunsi, amakonda kuliza nsambo osaipanikiza pa khosi, amaponya timanoti takufa pakati, amasiya mpata. Ukaika nsambo zabwino ndi siponji yabwino koma nkumaimba mizere yako yakale yodzadza ija palibe amene angamve upright. Madala anandikhazika pansi maulendo angapo, iwo akuimba makodi ine ndikuyenda noti imodzi pa kugunda kulikonse, akumati "usathamange, yenda ngati ukupita kumunda mmawa."

Pa gitala ndimatsegula pickup (kachipangizo kotola kulira kwa nsambo) ya kukhosi yokha, ya ku bridge kutseka, tone kuibweza pafupifupi yonse koma osati yonse chifukwa ukaitseka yonse kugunda kwa chala kumasowa ndipo kugundako ndi komwe kumanamiza khutu. Pa ampu treble pansi, ngati ili ndi tweeter, kasipika ka mawu othwa kaja, muzimitse. Cholakwika chomwe ndinkachita ndikukweza bass poganiza kuti chibezi chachikulu ndiye kuti mabezi ambiri, mu holo ya simenti zimangosanduka chimkokomo chosamveka mutu wake. E yapansi ija ili pa 41 Hz koma zomwe timamva ngati thabwa zili mmwamba pang'ono, mma low mid, mawu apakati otsikirapo aja, ndiye bass isiyeni pakati nkukweza ma low mid pang'ono chabe.

Pali vuto limodzi lomwe muyenera kulidziwa musanagule, ndipo si la kampani iyi yokha, ndi la nsambo zonse zokutidwa ndi nayiloni. Mkati mwa gitala muli kawaya kochokera ku bridge kupita ku ground, ndiye ukagwira nsambo zachitsulo thupi lako limalumikizika ndipo kaphokoso ka magetsi ka zzz kaja kamachepa. Nayiloni sadutsa magetsi. Bezi yanga ndi ya sekondi hendi, yotengera kapangidwe ka Jazz Bass, mkati munalibe chotchinga chilichonse, ndiye pickup imodzi yokha kuphatikiza mawaya akale a mu holo yomwe timachita lendi, zzz uja anamveka mpaka amayi a kwaya anatembenuka. Ndinagula tepi ya kopa nkumata mkati monse momwe mumakhala ma pickup ndi mabatani, nkuilumikiza ku ground, phokoso linatsika kwambiri ngakhale silinatheretu chifukwa pickup ya mtundu umenewu ikakhala yokha imalira ndithu. Ndikatsegulako ya ku bridge pang'ono limachepanso. Amene muli ndi ya mtundu wa Precision simuvutika kwambiri chifukwa pickup yake yogawika pawiri ija imadzizimitsira yokha.

Zomwe sizingachite ndinenenso. Slap, kumenya nsambo ndi chala chachikulu kuja, iwalani. Sungura ya mtundu wa Alick Macheso kapena sebene yomwe imafuna kuti noti iliyonse ithwe ngati singano, nsambozi si zake. Pa makolasi othamanga a Lamulungu ndimasolola siponji nkuika mthumba, tone kutsegula, ndipo zimayenda bwino ndithu, kungoti a kiyibodi akamalemetsa dzanja lamanzere bezi imamira, tinachita kugwirizana kuti kumunsiko andisiyire. Ndipo wina asakunamizeni kuti idzalira ndendende ngati upright. Mukaimvera yokhayokha mchipinda mudzadziwa kuti ndi gitala, kulira kokoka kuja nsambo ikamatsetsereka pa thabwa lopanda ma fret kulibe, mpweya wa chibokosi kulibe. Koma mkati mwa gulu, wa ng'oma atagwira ma brush, woimba akuimba nyimbo yozizira, imakhala pamalo pomwe upright imakhala ndipo imagwira ntchito yake. Pa ukwati wa ku Rosettenville uja tinaimba pafupifupi ola lathunthu anthu akudya ndipo madala sanandiyang'ane ndi diso lija ngakhale kamodzi, pomaliza anangoti "lero wamusiyira malo."

Mnzanga wina wa ku Yeoville ali ndi ma flatwound wamba ndipo tinayerekeza, zake zimamveka bwino pa nyimbo zamitundu yambiri ndipo alibe vuto la zzz, ndiye ngati muli ndi gitala imodzi yoimbira chilichonse mwina yambani ndi zimenezo. Koma ngati chomwe mukusaka ndi du wa thabwa uja, zanga zinamuposa, iye mwini anavomera. Kuli ena amagula fretless, bezi yopanda ma fret, kapena ka Kala U-Bass kaja ka nsambo za labala, koma apo ndiye kugula chida china, pomwe apa wangosintha nsambo.

Chomwe ndikulimbana nacho pano ndi nsambo ya G, ndikadutsa fret ya 12 imabwereranso kumveka ngati gitala wamba, yopyapyala. Ndadula siponji ina yokhuthala mbali ya E nkupyapyala mbali ya G kuti ndione ngati kuisiya ipume pang'ono kungainenepetse, ndikaiyesa Loweruka likubwerali pa pulakatisi.