Khofi wa Mzuzu ndamuyesa, koma musamupange ngati wa mchitini

Amene mumafunsa zoti Mzuzu Coffee ndi wabwinodi kapena ndi dzina chabe, ine yankho langa ndi loti gulani. Mu Lilongwe muno amapezeka m'masupamaketi akuluakulu, ine ndimatenga wogayagaya kale uja. Ukangotsegula paketi fungo limagwira khitchini yonse, ndipo kuwawa kwake ndi kofatsa, sikokanda pakhosi, moti shuga supuni imodzi amakwana, ena kwathu amamwa opanda mkaka n'komwe.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi apa, uyu si wosungunuka ngati wa mchitini uja. Mukathira mkapu n'kutakasa mumwa zinyenyeswa basi kenako muziti ndi woipa. Wiritsani madzi, muphule adikire pang'ono, thirani khofi masupuni awiri pa kapu mu kathipoti kapena fulasiki, vundikirani mphindi 4 kapena 5 kenako sefani. Kasefa ka tiyi wamasamba kamagwira ntchito bola kakhale ka mabowo ang'onoang'ono, mashini odula aja sofunika. Paketi mukatsegula muzimanga bwino, mpweya umathawitsa fungo.

Koma chimene chimandikoka kwambiri ndi komwe ndalama yanga ikupita. Khofiyu sachokera ku esiteti ya munthu mmodzi ayi, eni ake ndi alimi ang'onoang'ono a mu Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union. Kale inali Smallholder Coffee Authority ya boma, mu 1999 inasanduka trust ya alimi, kenako mgwirizano wa makopaletivi. Akulima ku mapiri a Misuku ku Chitipa, Phoka ndi Viphya ku Rumphi, kumtunda kwa Nkhata Bay, Mzimba, komanso pompano pa Ntchisi, zomwe anthu ambiri a mtauni muno sadziwa. Ndi Arabica, amene amafuna malo okwera ozizira, mitundu yake ngati Geisha ndi Catimor.

Ndiye taganizani ntchito yake. Mtengo ukabzala umadikira zaka zitatu kuti uyambe kubereka, nthawi yonseyo ukupalira, kuthira manyowa, kulimbana ndi mbozi yoboola tsinde ndi matenda a chiwawu cha masamba, ndalama osaiona. Pokolola sungopulula nthambi yonse, umathyola zipatso zofiira zokha ndi manja kamodzikamodzi, zobiriwira kuzisiya udzabwerenso, ndipo tsiku lomwelo zikafike pomwe amachotsa makoko zisanayambe kusasa, kutsuka, kuyanika pa thandala, misewu yake ya kumapiri ija mukuidziwa. Mlimi payekha sangagule makina, sangapeze msika wakunja, akhoza kungogwa m'manja mwa mavenda. Pagulu ndi pomwe amatha kukambirana mtengo.

Mtengo wa paketi ena amati wakwera, zoona si wa aliyense masiku ano, koma wa mchitini wochokera kunja naye watchipa pati? Ndipo uja timagula ndi foleksi yomwe ikusowa kale. Zimandipweteka kulowa mu ofesi kapena ku wekishopu kuhotela muno mu Lilongwe, nkhani pa ajenda ili yotukula alimi akumudzi, koma pa tebulo la tiyi aika khofi wakunja. Inu amene mumagula zinthu za mu ofesi, mwezi uno yesani paketi imodzi ya wathuyu ndi kasefa, muwaonetse opanga tiyi kapangidwe kake.