Miyezi 8 tikusunga ma spool file pa tepi kuno ku Kasungu

Ofesi yathu imalemba ngongole za feteleza ndi mbewu za makalabu a alimi a fodya. Zonse zimadutsa pa makina a IBM i, amene akuluakulu pano amawatchulabe AS/400, dzina lomwe anabwera nalo mu 1988. Sitetimenti ya kalabu iliyonse imayamba yakhala kaye ngati spool file, failo yodikira kusindikizidwa, mu output queue, mzere umene mafailo otere amadikiriramo, kenako ndiye imapita ku printa. Patha miyezi 8 chiyambire kusunga mafailo amenewa pa tepi, ndipo tsopano ndikudziwa pomwe njirayi imathandiza ndi pomwe imatisiya.

Chinandidabwitsa poyamba n'chakuti zaka zonsezi sitinkawasunga n'komwe. SAVLIB, lamulo losungira laibulale (malo okhala mafailo pa makinawa) pa tepi, imatenga output queue yokha, thumba lopanda kanthu, pokhapokha utalemba SPLFDTA(*ALL), kuiuza kuti itengenso ma spool file onse. Ukapanda kulemba imakhala pa *NONE, ndipo mu GO SAVE option 21, njira yosungira makina onse, ndi chimodzimodzi. Mwayi umenewu IBM inaubweretsa mu V5R4, mtundu wa sisitimu yake umene unatuluka chaka cha 2006. Izi zisanabwere anthu ankadalira CPYSPLF, yomwe inkakopera mawu okha mu failo ya database n'kutaya maonekedwe a pepala. Ife ndiye tinangokhala ndi mwayiwo osaugwiritsa ntchito.

Kusunga kwenikweniko kulibe vuto. Tepi imangotenga nthawi yochulukirapo, makamaka msika wa ku Chinkhoma ukatsegulidwa, pomwe masitetimenti amatuluka ngati ngumbi. Tinachita kusuntha nthawi ya backup kuti izitha anthu asanafike m'mawa.

Mavuto ali pobweza. Mwezi wa June kunabwera a tcheyamani a kalabu ina, atapalasa njinga kuchokera kumudzi, akufuna sitetimenti ya chaka chatha, imene inatuluka mu January, chifukwa mamembala ankakangana za matumba awiri a feteleza. Ndinkayesa kuti ndi ntchito ya mphindi zochepa. Koma RSTOBJ, lamulo lobwezera zinthu kuchokera pa tepi, sisankha failo imodzi, imabweza zonse zimene zinali mu queue tsiku limenelo. Kuti utole imodzi yokha uyenera kukhala ndi BRMS, pulogalamu ya IBM yoyendetsa ma backup, kapena pulogalamu yakoyako yoitana QSRRSTO, API (khomo la mapulogalamu) yobwezera zinthu, ndipo ife tilibe zonse ziwiri. Ndinabwezera queue yonse mu laibulale ina, kutali ndi printa, kuopa kuti mafailo amene anali pa RDY, okonzeka kusindikizidwa, angayambe kudzisindikiza n'kutimalizira mapepala. Kenako ndinayamba kufufuza mu WRKOUTQ, lamulo loonetsa zimene zili mu queue, tsamba ndi tsamba, a tcheyamani ali phee pa benchi, chipewa chili pa bondo.

Itapezeka ndinasindikiza. Manambala onse anali olondola, koma anakhala pa mizere yolakwika, ndalama zobweza zili pansi pa mutu wa chiwongoladzanja. Iwo anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Achimwene, ili si lija munatipatsa. Ndikapita nalo akati ndalemba ndekha." Sananame. Spool file simanyamula overlay, ija imajambula mizere, mitu ndi chizindikiro cha kampani. Imangosunga dzina lake, ndipo overlay yathu tinaisintha mu February osasintha dzinalo. Mafonti ndi ma page segment, tizithunzi ta papepala, nawonso amakhala kunja chomwecho. Ndinachita kubwerera ku tepi yakale kukatenga overlay ya nthawi imeneyo, ndipo bamboyo anachoka dzuwa litapendeka.

Kanthu kena kakang'ono koma kokwiyitsa: pobweza, SPLFDTA(*NEW) imabweza mafailo okhawo amene kulibe pa makinawo. Ngati failoyo ikadalipo mu queue ina, imadumphidwa, ndipo ukhoza kutha ola ukuifuna pomwe siili.

Kodi ndingawalangize anzanga kuyatsa SPLFDTA? Inde, lero lomwe, chifukwa makina atawonongeka popanda iyo masitetimenti onse osasindikizidwa apita. Koma siikwana kukhala nkhokwe ya zikalata za zaka zambiri. Pano overlay iliyonse yatsopano timaipatsa dzina lake, yakale osaifufuta, ndipo laibulale yake imalowa pa tepi imodzi ndi ma output queue. Masitetimenti omaliza a nyengo timawasandutsanso PDF ndi CPYSPLF yomweyo, yomwe pa makina a masiku ano imatha kulemba PDF mu IFS, gawo la makinawa lokhala ndi mafoda, n'kuwaika m'mafoda a kalabu ndi kalabu. A tcheyamani aja atabweranso mu September, pepala lawo linatuluka njinga asanaimike bwino.